Chifuwa ndi kuphwanya kwa thupi: muyambire pati muli pakhomo

June ndi July akafika kuno ku Lilongwe mukwere minibasi ya ku Area 25 m'mamawa mumve mmene anthu akutsokomolera, mawindo onse otseka poti kukuzizira, ndiye pakangotha masiku awiri nanunso mukudzuka thupi lonse litaphwanya ngati dzulo munaswera kuumba njerwa. Nthawi zambiri chimakhala chimfine basi, ndipo chimatha chokha pakadutsa sabata imodzi ngakhale kachifuwako kamatsalira pang'ono. COVID-19 nayo imayamba chonchi. Fumbi la mu September ndi utsi wa makala zimatsokomoletsa ndithu koma zokhazo siziphwanyitsa thupi.

Koma abale, thupi likatenthanso musaombeze ayi, pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo. Malungo ndi chimfine poyamba zimafanana kwambiri, mutu, kuzizidwa, m'mfundo monse kuwawa. Ku Kawale, ku Area 18 kapena chipatala cha boma chilichonse chomwe muli nacho pafupi amangobaya chala, pakatha mphindi 20 zotsatira zatuluka, ulere. Akapezeka akupatsani LA, kumwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo mumalize yense olo mutayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri.

Ngati malungo mulibe, bwererani kunyumba mukagone, zakuntchito ziyambe zadikira. Munthu wamkulu amwe panado muwiri wa 500mg pa maola 6 aliwonse, osapitirira mapilitsi 8 patsiku, ndipo muziwerenga pa paketi chifukwa mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, mutha kumwa kawiri osadziwa. Mwana musampatse aspirin. Madzi imwani ambiri, phala, msuzi, thobwa, chilichonse cholowa. Ine ndimasinja jinja kachidutswa kotalika ngati chala chachikulu, kuwiritsa pang'ono, kenako kufinyiramo ndimu ndi kuthira sipuni ya uchi atayamba kupola, usiku chifuwa chimachepa munthu n'kugonako. Uchiwo osapatsa khanda losakwana chaka. Pakhosi pakamakanda sungunulani theka la kasipuni ka mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche kukhosi n'kulavula.

Zofukiza ndi masamba a bulugama zija zimatsegula mphuno kwa kanthawi, sizipha kachilombo ayi, ndipo ana musawafunditse bulangete pa beseni la madzi owira, amapsa koopsa. Mbaula nayo isagone m'chipinda chotseka olo kuzizire bwanji, mpweya wa makala umapha anthu ali mtulo.

Chimene chimandiwawa ine ndi chizolowezi chothamangira kukagula makapusozi a amoxicillin, kumwa anayi n'kusiya. Chimfine ndi vairasi, amoxicillin sachita kanthu pamenepo, mwangotaya ndalama komanso mukuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, tsiku lomwe mudzadwale chibayo chenicheni mankhwalawo adzakana kugwira. Asiyeni adokotala alembe okha.

Kupuma mobanika, kubaya m'chifuwa popuma, makhololo a magazi, kapena kutentha thupi kopitirira masiku atatu, pamenepo zapakhomo zatha, nyamukani. Amayi oyembekezera, agogo, ndi amene ali ndi shuga, asima kapena HIV asadikire n'komwe. Mwana wamng'ono mumuvule malaya ali phee muwerenge mpweya kwa mphindi yathunthu pa foni: wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika ka 40, kapena pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, chingakhale chibayo, olo usiku pezani galimoto.

Ndipo chifuwa chikakwana masabata awiri, makamaka mukutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda komanso thalauza layamba kukhwefuka m'chiuno, kaperekeni makhololo ku Bwaila kapena chipatala chakwanuko ayeze TB. Kuyeza ndi mankhwala omwe nzaulere, mankhwalawo amamwedwa miyezi 6, ndipo mufunsenso ngati ana omwe mumagona nawo nyumba imodzi akuyenera kuyezedwa.