Momwe mungasankhire kesi ya full tower musanataye ndalama

Okutobala wapitayu ndinataya Loweruka lonse kwa mlamu wanga, tikumanga kompyuta yoti azikonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Zida zonse zinali zitafika bwinobwino. Titafika poika graphics card, chida choyendetsa zithunzi ndi mavidiyo, inakana kulowa. Inkagunda kakhola ka ma hard drive kutsogolo kuja, ndipo chomwe chinkasowa ndi masentimita awiri okha. Tinaipendeketsa, tinamasula apa ndi apo, koma ayi ndithu. Mapeto ake tinazula kakholako, ma hard drive atatu omwe mumakhala ntchito za makasitomala n'kugona pansi m'kesimo opanda chowagwira kwa milungu iwiri. Nditawafunsa alamu chomwe anasankhira kesi imeneyo, anandiyankha kuti pachithunzi inkawala bwino.

Kesi ndi bokosi lija ambiri kuno timalitcha CPU, pomwe CPU yeniyeni ndi purosesa, kanthu kochepera bokosi la machesi komwe kamakhala pa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo. Makesi alipo a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo full tower ndi imene ili yaikulu pa onse omwe munthu amaika m'nyumba kapena mu ofesi. Kawirikawiri imatalika masentimita 55 mpaka 60 kapena kuposerapo, pomwe mid tower imathera m'ma 45 mpaka 50. Koma dziwani kuti dzinali lilibe lamulo. Kampani iliyonse imatchula momwe yafunira, choncho mawu akuti full tower pabokosi sakukuuzani kuti zida zanu zikwanamo. Chokuuzani ndi manambala.

Choyamba: dzifunseni ngati mukuifunadi

Ndinene mosabisa: anthu ambiri omwe amagula full tower sakuifuna. Ngati muli ndi motherboard ya muyeso wamba wa ATX, graphics card imodzi ndi SSD imodzi kapena ziwiri za M.2, tosungira mafayilo ting'onoting'ono tomwe timangomatirira pa motherboard, mid tower yabwino ikukwanirani, ndipo ndalama zotsalazo muonjezere RAM. Full tower imayamba kukhala ndi nzeru mukakhala ndi chimodzi mwa izi: motherboard yaikulu ya E-ATX, ma hard drive asanu kapena kuposa, radiyeta yaikulu yoziziritsa ndi madzi, kapena makhadi angapo monga capture card ndi sound card pambali pa graphics card. Wojambula maukwati amene sataya vidiyo ya kasitomala aliyense ali m'gulu limeneli. Wongofuna kusewera mpira pakompyuta madzulo, ayi.

Onaninso pomwe idzakhale. Tengani tepi muyese pansi pa tebulo lanu. Kesi yambiri yaikulu imatulutsa mpweya wotentha kumwamba, ndiye ikakhudza thabwa la tebulo mwaitseka pakamwa.

Chachiwiri: lembani manambala anayi papepala

Apa ndi pomwe alamu anga anagwera, ndiye tikhalepo pang'ono. Musanatsegule tsamba lililonse logulitsa makesi, lembani miyeso ya zida zinayi zomwe muli nazo kapena mukufuna kugula.

Nambala yoyamba ndi ya motherboard. ATX, muyeso womwe Intel inakhazikitsa mu 1995, ndi mamilimita 305 kwa 244. Micro-ATX ndi 244 kwa 244, Mini-ITX ndi 170 kwa 170, ndipo zonsezi zimalowa mu full tower popanda vuto. Msampha uli pa E-ATX. Ma motherboard ena olembedwa E-ATX amangoposa ATX pang'ono m'lifupi, pomwe ena a ma workstation amafika 305 kwa 330. Kesi ikhoza kulembedwa kuti imalandira E-ATX koma pansi pake, m'tizilembo tating'ono, n'kunena kuti mpaka mamilimita 280 okha. Werengani tizilemboto. Nthawi zina motherboard imakwana koma n'kutseka mabowo odutsira mawaya, ndiye waya wamkulu wa mapini 24 mumasowa poudutsitsa.

Yachiwiri ndi kutalika kwa graphics card. Makhadi amakono akula mochititsa mantha. RTX 4090 yopangidwa ndi Nvidia yeniyeni ndi mamilimita 304, koma ya ASUS ROG Strix ya chip yomweyo imaposa 350. Choncho musafufuze dzina la chip lokha. Fufuzani khadi lenilenilo, la kampani yomwe mukugulayo. Kenako onani pa tsamba la kesi pomwe alemba kutalika kwa GPU, kutanthauza graphics card yomweyo, komwe imalola. Nthawi zambiri pamakhala manambala awiri kapena atatu: kakhola ka ma hard drive kalipo, katachotsedwa, ndiponso mafani akutsogolo ali pamalo. Yogwiritsa ntchito ndi imene ikufanana ndi momwe inu mudzamangire. Mukaika radiyeta kutsogolo, chotsanipo mamilimita pafupifupi 30 a radiyetayo, ndi 25 enanso ngati mafani ake akhala mkati. Siyani malo a zala ziwiri, chifukwa khadi lokwana ndendende limavuta kulilowetsa.

Pa khadi lomwelo palinso m'lifupi, womwe anthu amaiwala. Makhadi amphamvu a Nvidia monga RTX 4090 amagwiritsa ntchito pulagi ya magetsi ya 12VHPWR, yomwe mu 2022 inamveka kwambiri chifukwa chosungunuka ikapanda kulowa mokwanira. Waya wake sufuna kupindidwa pafupi ndi pulagi. Kesi ikakhala yopyapyala, chitseko cham'mbali chimaukanikiza. Apa full tower imathandizadi, koma yesanibe.

Yachitatu ndi msinkhu wa choziziritsa purosesa. Noctua NH-D15, chimodzi mwa zoziziritsa ndi mpweya zodziwika kwambiri, n'chotalika mamilimita 165. Full tower zambiri zimachilandira mosavuta. Ngati mwasankha zamadzi, manambala a radiyeta amangowerenga mafani: 240 ndi mafani awiri a mamilimita 120, 360 ndi atatu a 120, 280 ndi awiri a 140, 420 ndi atatu a 140. Onani malo ati m'kesimo akulandira radiyeta yanu. Ya pamwamba imatha kugundana ndi RAM yaitali kapena zitsulo zoziziritsa motherboard.

Yachinayi ndi power supply, bokosi logawa magetsi ku zida zonse. M'lifupi ndi msinkhu sizisintha, mamilimita 150 kwa 86, koma kutalika kumayambira 140 mpaka 200 kapena kuposa kwa zamphamvu kwambiri. Onjezanipo malo oti mawaya atulukire, chifukwa nayonso imapikisana ndi kakhola ka ma hard drive a pansi.

Chachitatu: yang'anani kutsogolo kwa kesi, muganize za fumbi lathu

Makesi ambiri omwe mumaona akutamandidwa pa YouTube amayesedwa m'zipinda zozizira, zopanda fumbi. Kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mukasesa m'mawa, pofika masana pawindo pali kale fumbi loti mwana n'kulembapo dzina lake. Onjezani kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, makamaka kunyanja kapena ku Chikwawa ndi Nsanje komwe kumafika madigiri 40, ndiye muona kuti kesi yotsekedwa ndi galasi kutsogolo ndi chilango kwa zida zanu. Kompyuta singazizire kuposa mpweya womwe ikukoka, ndipo ngati mpweya wotenthawo ukulowanso movutikira kudzera m'timing'alu tam'mbali, purosesa imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Vidiyo yomwe imayenera kutha mukudya nsima imatha mukugona.

Ine ndimasankha kesi ya nsefa kutsogolo, ija ya timabowo tambirimbiri yomwe amalemba kuti mesh kapena airflow. Fractal Design Meshify 2 XL ndi Corsair 7000D Airflow ndi zitsanzo za full tower za mtundu umenewu. Palinso zotsekedwa dala kuti zichepetse phokoso, monga Fractal Design Define 7 XL, yomwe ili ndi chitseko kutsogolo ndipo imatha kunyamula ma hard drive 18. Kwa wojambula nyimbo amene maikolofoni yake ili m'chipinda chomwecho, imeneyo ili ndi nzeru, bola adziwe kuti masiku otentha chitsekocho azichisiya chotsegula.

Koma nsefa yokha sikwanira. Funsani za masefa a fumbi, ndipo funso lenileni ndi lakuti amachoka bwanji. Sefa ya pansi, yoteteza power supply, ina imasololoka chakutsogolo, ina chakumbuyo. Kesi yolemera ikakhala pakona, kumbuyo kwake kuli khoma, sefa yosololokera kumbuyo simudzaitsuka. Mudzanena kuti mawa, mawalo n'kukhala Khirisimasi. Yosololokera kutsogolo mumaikoka, kuikutumula panja, kuibwezera, madzi a tiyi asanawire.

Kenako werengani mafani omwe akubwera ndi kesi. Full tower ina imabwera ndi atatu, ina ilibe ndi imodzi yomwe, ndipo mtengo wa mafani abwino asanu ukhoza kukudzidzimutsani. Mafani a 140 amakankha mpweya wochuluka akuzungulira pang'onopang'ono, ndiye sasokosa ngati a 120. Poika, olowetsa mpweya achuluke kuposa otulutsa, mwachitsanzo atatu kutsogolo ndi mmodzi kumbuyo. Mukatero mpweya umadzaza mkati n'kumatulukira m'ming'alu yonse, fumbi n'kumalowera pa sefa pokha. Otulutsa akachuluka, kesi imayamwa fumbi paliponse pomwe pali kabowo. Ndipo musaike kesi pasimenti penipeni. Kathabwa kokweza pang'ono kamachepetsa zomwe fani ya pansi imatola, komanso kamaiteteza tsiku lokolopa.

Chachinayi: tizinthu tomwe timakwiyitsa pambuyo pake

Werengani malo a ma hard drive a mainchesi 3.5, ndipo siyanitsani malo omwe alipo ndi mathireyi omwe akupatsani m'bokosi. Kesi imatha kulembedwa kuti imanyamula ma drive khumi ndi angapo koma mathireyi n'kubwera ochepa, otsalawo ogula padera, ndipo kuno simudzawapeza pashelefu. Ngati mumaotchabe ma DVD a makasitomala, dziwani kuti makesi ambiri atsopano anasiya kuika malo a mainchesi 5.25, choncho fufuzani kapena konzekerani kugula chootchera ma DVD cha USB.

Ngati kesi ili ndi USB-C kutsogolo, onani ngati motherboard yanu ili ndi polumikizira pake. Popanda apo bowolo likhala chokongoletsa. Kumbuyo kwa thireyi ya motherboard kukhale mpata wa masentimita awiri kapena atatu wobisamo mawaya, apo ayi chitseko chimatsekeka ndi bondo.

Magetsi amitundumitundu aja sindiwaletsa. Kungoti saziziritsa chilichonse.

Chachisanu: werengani mtengo wofika nayo pakhomo

Full tower yabwino simuipeza paliponse ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndiye ambiri amaitanitsa ku Johannesburg, Dubai kapena ku China. Apa ndi pomwe mtengo wa patsamba umanamiza. Kesi ngati 7000D imaposa makilogalamu 15 ili yopanda kanthu, koma otumiza katundu pandege salipiritsa kulemera kokha. Amayesanso kukula kwa katoni: kutalika, m'lifupi ndi msinkhu m'masentimita, kuchulukitsa zonse, n'kugawa ndi 5000 kapena 6000 malinga ndi kampani, kenako amatenga nambala yomwe yakula. Tiyerekeze katoni ya masentimita 70 kwa 70 kwa 35. Mukagawa ndi 5000 mupeza makilogalamu 34. Mukulipirira mpweya wam'bokosi. Onjezanipo msonkho wa MRA, ndiye muone ngati kesiyo ikadali yotchipa.

Chifukwa chake zida zing'onozing'ono zodula monga purosesa, RAM ndi SSD zibwere pandege, koma kesi ibwere pamsewu kapena mugule kwa amene anaitanitsa kale. Ikamabwera pabasi kapena pathiraki, pemphani kuti ikhale m'katoni yake yeniyeni ndi zofewa zake zonse, makamaka ngati ili ndi chitseko chagalasi. Ngati mtundu womwe mukufuna uli ndi wina wa chitseko chachitsulo, pamsewu wathu ine ndingatenge umenewo.

Kesi yogwiritsidwa kale ntchito si yoipa, chifukwa chitsulo sichikalamba ngati zida zina. Full tower zakale monga Cooler Master HAF 932 zikadali zolimba ndipo mpweya zimakoka bwino, kungoti USB-C mulibe. Pogula yoteroyo dinani batani loyatsira mumve ngati likubwerera, lowetsani fulashi m'mabowo akutsogolo, ndipo werengani mathireyi ndi tizitseko takumbuyo.

Chachisanu ndi chimodzi: ikafika, musathamangire kumanga

Tsegulani katoni wobweretsayo akadali pomwepo, muone makona ngati sanaphwanyike. Pezani kabokosi ka ma screw, kamene kawirikawiri kamabisidwa mu thireyi ya hard drive. Onani tizitsulo tokweza motherboard, totchedwa ma standoff: motherboard ya ATX imafuna tisanu ndi tinayi, ndipo kalikonse kakhale pomwe pali bowo pa motherboard. Kotsalira pamalo olakwika kamakhudza kunsi kwa motherboard n'kuchititsa shoti, choncho kamasuleni.

Kenako, musanamange kalikonse, ingolowetsani graphics card m'kesi yopanda kanthuyo ndi manja, pamalo pomwe idzakhale, muone ndi maso mpata wotsala kutsogolo ndi kumbali. Chitaninso chimodzimodzi ndi radiyeta ndi power supply. Ngati china chakana, kesi ikadali yatsopano ndipo mutha kukambirana ndi wogulitsa.

Chitseko chagalasi chichotseni koyambirira, muchigoneke pabedi kapena pabulangete mpaka mutamaliza. Musachiimike pamatailosi ngakhale kwa mphindi imodzi. Galasi la mtundu umenewu n'lolimba pakati koma m'mphepete n'losachedwa, ndipo kona yake ikangogunda tailosi limaphulika lonse kukhala timiyala ngati mchere wa m'thumba. Alamu anga anagula kesi yachiwiri, ya nsefa kutsogolo ndi chitseko chachitsulo, ndipo yoyamba ija pano amasungiramo mawaya a makamera.