Momwe mungapangire chitseko cha okala chotsegukira m'mwamba potengera nzeru ya chitseko cha ndege

Maokala ndi makontena ambiri pa Dedza boma, pa Lizulu mpaka ku Tsangano Turn-off ali ndi chitseko chachitsulo chotsegukira m'mwamba, chija chimakhalanso ngati kakhonde ka ogula. Ambiri amangochichirikiza ndi mtengo kapena ndi paipi. Mphepo ya mwezi wa July ikawomba kuchokera kuphiri, chitseko chimanyamuka pang'ono, mtengo uja n'kugwa, chitsulo cholemera makilogalamu 20 n'kutsika pamutu pa mwana wodzagula shuga. Vutoli lili ndi mankhwala ake, ndipo opanga ndege analithetsa kalekale.

Chitseko cha ndege ngati Airbus A320 chimayamba chakwera pang'ono, kenako chimatuluka n'kuyenda chakutsogolo motsatira thupi la ndegeyo. Pali mkono waukulu umene umanyamula kulemera konse. Pali timikono tina pamwamba toongolera kuti chitseko chisapendekeke. Pamkono waukuluwo pali silinda yoletsa chitseko kuthamanga, ndipo chikatseguka chonse pamagwira loko yotchedwa gust lock, yoti mphepo isachibweze. Boeing 737, imene timaiona pa bwalo la Kamuzu ndi la Chileka, chitseko chake chimayenda mosiyanako, chimayamba chalowa m'kati kenako n'kutuluka, koma nachonso chili ndi choletsa liwiro komanso gust lock. Mfundo ndi yakuti kunyamula, kuchepetsa liwiro ndi kugwira ndi ntchito zitatu, ndipo iliyonse ili ndi chitsulo chake. Ife timafuna hinjezi imodzi igwire zonse, n'chifukwa chake zimathyoka.

Pa okala, mahinjezi ndiwo anyamule, mashoko a buti ya galimoto achepetse liwiro ndi kuthandiza kukweza, ndiye kandodo kachitsulo kakhale loko ya mphepo.

Yambani ndi kuyeza chitsekocho musanachimangirire. Sikelo yopachika ija ya ogulitsa kachewere ndi yokwanira. Lembani kulemera kwake ndi kutalika kwake kuchokera kumahinjezi kufika kumunsi.

Mahinjezi gulani owotcherera, achipolopolo aja, atatu osati awiri. Azigulugufe a chitseko cha m'nyumba asiyeni, mashoko amakankha ndi mphamvu ndipo amawapinda. Onse atatu akhale pamzere umodzi. Ayaleni m'mbali mwa angle iron yowongoka, gwirizani ndi timadontho ta moto, yesani kutsegula, mukakhutira ndiye wotchererani zenizeni.

Tsopano mashoko. Pathupi pa shoko iliyonse pamalembedwa mphamvu yake, monga 300N kapena 450N (N ikuimira newton, muyeso wa mphamvu). Kuwerengera kwake n'kotere, titenge chitseko cha makilogalamu 20, chotalika mita imodzi. Chulukitsani 20 ndi 10 kuti makilogalamu asanduke N, mupeza 200. Chulukitsani 200 ndi theka la kutalika kwa chitseko, ndiye kuti 50 cm, mupeza 10,000. Gawani ndi mtunda umene uli pakati pa hinjezi ndi mzere wa shoko chitseko chikatseguka, umene pa kamangidwe ndikufotokozaka ndi pafupifupi 19 cm. Mupeza 526. Mashoko ndi awiri, ndiye iliyonse 263. Onjezerani pang'ono mugule za 300N. Kuonjezerako n'kofunika kuno kwathu, chifukwa m'kati mwa shoko muli mpweya wa nitrogen, ndipo kukazizira mphamvu yake imatsika pafupifupi 3.5 peresenti pa madigiri 10 aliwonse. Chitseko chimene chimaima bwino masana a October chikhoza kumatsika chokha m'mawa wa June. Koma musalumphirenso ku 600N poganiza kuti yamphamvu ndiyo yabwino. Mayi wogulitsa adzachita kulendewera kuti atseke, ndipo mahinjezi adzazuka.

Pogula samalani. Zakale zochotsa kumagalimoto owonongeka n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi zatsopano za m'mashopu a zida za galimoto ku Lilongwe, koma zambiri mpweya unathamo. Anyamata ena amazipukuta ndi mafuta kuti ziwale. Imikani shokoyo pansi, muitsamire ndi thupi lonse. Ya 300N ili ngati kukankha makilogalamu 30, ndiye ikalowa ndi dzanja limodzi, yafa. Yang'anani kandodo konyezimira ka shokoyo: pakakhala dzimbiri, zokanda kapena mafuta otuluka pakamwa pake, isiyeni. Ziwirizo zifanane nambala ndi kutalika. Wina anandiuza kuti "n'zofanana bwana, zachokera kugalimoto imodzi", koma nambala zinali zosiyana, ndipo chitseko chotero chimakwera chopendekera mbali imodzi. Muuzeni wogulitsa akupatseninso timitu take tozungulira tija tokhala ndi bawuti, chifukwa kutifuna patokha n'kovuta.

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, pomangirira mashoko. Chitseko changa choyamba chinathera pamenepa. Chinkatseguka bwinobwino, koma potseka chinkatsala zala zitatu kuti chifike pafelemu. Shoko inali italowa mpaka kumapeto chitseko chisanafike. Mwini okala ankangokanikiza ndi phewa madzulo aliwonse kuti loko ilowe, ndipo mphamvu yonseyo inkapita kumahinjezi. Posakhalitsa hinjezi ya kumanzere inang'ambika powotcherera, bulaketi ya shoko n'kupindika.

Njira yopewera zimenezi ndi kupanga shoko yabodza. Tengani kathabwa kapena flat bar. Boolani bowo limodzi kumapeto. Kuchokera pamenepo boolani lachiwiri pa kutalika kwa shoko ikatambasuka, ndi lachitatu pa kutalika kwake ikalowa yonse, n'kuonjezapo 1 cm. Shoko ya 60 cm imene kandodo kake kamalowa 25 cm, mabowo akhala pa 60 ndi pa 36. Gwirizani bulaketi ya pachitseko ndi kilampu pa 20 cm kuchokera kumahinjezi, ndipo bowo loyamba lija mulikoleke pabulaketiyo. Mnzanu akweze chitseko kufika pamene mukufuna chiziimira, inu muone pamene bowo la 60 likugwera pafelemu, muike chizindikiro ndi choko. Pachitsanzo chathu pakhala pafupifupi 56 cm kutsika kuchokera kumahinjezi. Kenako tsekani chitseko muli m'kati, muone ngati bowo la 36 likufika pachizindikiro chomwecho. Likapitirira chizindikirocho, sunthani bulaketi ya pachitseko pang'ono chakumahinjezi, likaperewera isunthireni kutali ndi mahinjezi, muyambirenso. Musatope, bwerezani mpaka mabowo onse awiri agwirizane ndi choko chimodzi. Mbali inayo koperani miyezo ndi tepi, osati ndi maso.

Powotcherera mabulaketi, mashoko akhale kutali. Moto ukagwira silinda yokhala ndi mpweya wopanikizika ikhoza kuphulika, ndipo ngakhale kadontho kamodzi ka moto pakandodo kamang'amba labala ya pakamwa. Musaiboole, musaidule ndi gulayinda. Pomangirira, kandodo kayang'ane pansi, thupi pamwamba. Mafuta a m'kati amatsikira palabala n'kumainyowetsa, ndipo ndi amene amachititsa kuti chitseko chifike kumapeto modekha m'malo momenya.

Mphepo ikalowa pansi pa chitseko imachikokera m'mwamba, ndipo shoko sinapangidwe kuti izikokedwa. Ikani katcheni mbali iliyonse kamene kamakungika shoko itatsala pang'ono kufika pomalizira.

Loko ya mphepo ndi yosavuta. Dulani round bar ya 10 mm, pindani mbedza kumapeto, mbali inayo imangidwe pafelemu ndi bawuti yomasuka. Pachitseko wotchererani nati yaikulu yoti mbedzayo izilowamo. Ikakolekedwa, chitseko sichingakwere kapena kutsika, ngakhale shoko itafa tsiku lomwelo. Auzeni onse ogwira ntchito pa okalapo kuti mbedza ikolekedwe nthawi iliyonse akatsegula, kaya kuli mphepo kaya kulibe.

Zotsalazo mukuzidziwa: girizi m'mahinjezi, red oxide ndi penti, mabawuti a loko m'kati. Kandodo ka shoko kokha musakapake penti kapena girizi, fumbi la mumsewu wa M1 limakanirirapo n'kudya labala. Muzingokapukuta ndi kansalu kouma.