Mukaona nkhani ya GRB pa foni, londolani nyenyezi yake chonchi

Ana a kalabu ya sayansi kwathu kuno ku Chitakale andifunsa kangapo kuti ma gamma-ray burst aatali aja (GRB mwachidule, kung'anima kwamphamvu zedi kwa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa gamma ray, kochokera kutali mlengalenga) amachokera ku nyenyezi yanji, ndiye ndati ndilembe mmene ineyo ndimachitira. Musavutike kukwera Sapitwa usiku kuti mukaone, ma gamma ray sadutsa mumpweya wathuwu, amene amawagwira ndi ma satelayiti ngati Swift ya 2004 ndi Fermi ya 2008.

Yambani ndi dzina, limakhala deti (chaka, mwezi, tsiku), nthawi zina ndi chilembo kumapeto. GRB 030329 ndiye kuti 29 Malichi 2003.

Kenako onani kuti kuwalako kunakhala nthawi yaitali bwanji. Kukapitilira masekondi 2 amati ndi yaitali ndipo apa ganizani za chinyenyezi cholemera kuposa dzuwa kamakumi angapo, chamtundu wa Wolf-Rayet, chomwe chinataya kale chofunda chake cha hydrogen komanso chimazungulira mothamanga zedi, mafuta ake akatha pakati pake pamagumukira mkati nkukhala black hole (malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo), kenako moto umatulukira mbali ziwiri pa liwiro loyandikira la kuwala nkuboola nyenyeziyo. Ganizoli analitulutsa a Stan Woosley mu 1993, amalitcha collapsar. Chofunda chija musachiiwale chonde, ana ambiri amachidumpha, chikanakhalapo motowo ukanatsamwa mkati osatuluka. Ndimawauza za tochi ya alonda mminda ya tiyi, imakuthobwa ikakulunjika iweyo, ikaloza kwina suiona nkomwe, ndiye ambiri amaphulika ife osadziwa.

Mukatero fufuzani komwe yachitikira, aataliwa amakonda magalakisi (magulu akuluakulu a nyenyezi) omwe nyenyezi zikubadwa zambiri poti zinyenyezi zolemerazi sizikhalitsa, zimafera pafupi ndi pomwe zinabadwira.

Tsopano dikirani masabata angapo. Pamalo pomwepo pakawala supernova (kuphulika kwa nyenyezi ikamafa, SN mwachidule) yopanda hydrogen ndiye umboni wake umenewo, ndi zomwe zinachitika ndi GRB 980425 ndi SN 1998bw, kenako 030329 ija ndi SN 2003dh.

Koma osathamangira kuyankha chifukwa cha masekondi okha ayi. GRB 211211A inakhala pafupifupi miniti, supernova sinabwere, kunaoneka kilonova, chizindikiro choti mwina ma neutron star awiri (zotsalira zazing'ono koma zolemera zedi za nyenyezi zomwe zinaphulika) anagundana. Nkhani imeneyi inandisintha maganizo, pano mwana akafunsa ndimati tiyeni tidikire kaye zomwe ma telesikopu aone.