Kudzutsa ndege ya makalata pa chisanu cha ku Canada

Mwezi wa Juni kuno ku Harare, lole ikakana kulira m'mawa pagalaja pathu ku Mbare, anyamata amayamba kudandaula kuti zala zauma. Ndimawauza za amakaniko anzathu a kumpoto kwa Canada, masiku amene woyendetsa ndege Wop May ananyamuka ku Fort McMurray n'kukafikitsa makalata ku Aklavik pandege mu Disembala 1929. Kumeneko kumazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Ntchito yawo ndimailemekeza, poti ndikukumbukira mmene bambo anga ankadikirira kalata yochokera kumudzi ku Dedza.

Tiyerekeze kuti makaniko ndinu. Ntchito imayamba madzulo. Ndege ikangotera, khuthulirani oyilo yense m'ndowa akadali wotentha, chifukwa mukachedwa amalimba ngati phula. Ndowayo mukagone nayo m'nyumba, pafupi ndi mbaula. Nyengo imeneyi ndege ilibe matayala, imatsetsereka ndi matabwa pa chipale chofewa. Matabwawo muwasanjike pa timitengo, apo ayi kukacha mupeza atakanirira pansi. Mukatero fundikani injini ndi lona wochindikala wofika pansi.

M'bandakucha kwawirani mkati mwa lonayo ndi chitofu cha petulo chonga pulayimasi, muyatse pansi pa injini. Apa ndiye pamandigwira mtima. Munthu amanyonyomala mmenemo ola lathunthu kapena kupitirira, utsi ukumuwawa m'maso, injini yodzaza mafuta ili pamutu pake, chozimitsira moto chili m'manja. Osatuluka, osawodzera. Lona akangogwira moto, ndege yapsa pamodzi ndi makalata a anthu.

Uku mnzanu akhale akutenthetsa oyilo uja pa mbaula. Pulopela ikayamba kutembenuka ndi dzanja mosavuta, zimitsani moto, vundukulani lona, thirani oyilo wotenthayo, lizani msangamsanga. Ikakana musakakamire. Khuthulaninso oyilo asanalimbe, muyambirenso poyamba, ngakhale usana wa kumeneko ndi waufupi ndipo mtima ukuthamanga. Ikalira, woyendetsa azingotsata mitsinje monga wa Mackenzie, poti kampasi yolozera njira kumpoto kwenikweni imasocheretsa.

Koma inu a pagalaja, moto pansi pa lole ayi. Iwo aja analibe njira ina. Ife tione batire ndi mapulagi otenthetsa, tidikire dzuwa litulukire.