Laputopu ziwiri zotsitsidwa mtengo: mutenge iti?

Mwafunsa kuti pakati pa laputopu yatsopano ya purosesa ya Celeron ndi RAM ya 4GB, ndi ThinkPad yakaunjika ya purosesa ya Core i5, yabwino ndi iti. Musanatulutse ndalama chitani izi.

Yambani ndi purosesa, ubongo wa kompyuta. Lowani mu Settings, System, kenako About. Mukaona i5-8250U, 8 woyambayo ndiye m'badwo wake. Windows 11 imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ya m'badwo wa 6, olo akutsitsireni bwanji, isiyeni.

Kenako RAM (memore yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) isachepere 8GB, ndipo chosungira mafayilo chikhale cha mtundu wa SSD. Ma Celeron otchipa ambiri amabwera ndi chosungira mafayilo cha mtundu wina, eMMC ya 64GB yomatiridwa pa bodi, yosasinthika. Ikadzaza, basi.

Batire ndi pamene ogulitsa sakonda kulankhulapo. Tsegulani Command Prompt (pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo), lembani powercfg /batteryreport, mutsegule fayilo ya lipoti yomwe ipangidwe, muyerekeze Full Charge Capacity (moto womwe batire ikusunga panopa) ndi Design Capacity (womwe inkasunga ili yatsopano). Ngati yatsala theka, phatikizani mtengo wa batire yatsopano pa mtengo wawowo, muone ngati ikadali yotchipa.

Pomaliza dinani mabatani onse, tsegulani ndi kutseka sikirini kuti mumve ngati mahinji akugwedera, ndipo waranti akulembereni papepala. Zonsezi zikakhala bwino, ine ndingatenge ThinkPad.