ansible-test ikakana kuona ma target

Collection (phukusi la malangizo) yathu ya Ansible, pulogalamu yokonzera makompyuta, yomwe imakonza ma seva ang'onoang'ono kuno ku Kasungu, inkakana `ansible-test integration`, lamulo loyesa ngati collection ikugwira ntchito. Mavuto anali awiri, koma lachiwiri ndi limene linandizungulitsa.

Loyamba ndi malo a foda. ansible-test imafuna kuti njira ya foda ithere pa `ansible_collections/dzina/collection`. Ndinaisamutsira ku `~/ntchito/ansible_collections/kasungu/maseva`, uthenga wodandaula za foda uja unatha.

Kenako ansible-test inayamba kunena kuti ma target (mafoda a ma test) onse yawadumpha, pomwe `tests/integration/targets/nginx/tasks/main.yml` ilipo ndithu. Chinsinsi chake ndi git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo. Chida cha ansible-test chimafunsa git mndandanda wa mafayilo oti chikopere mu container (kamalo kapadera ka Docker komwe ma test amachitikira), ndipo chilichonse cholembedwa mu `.gitignore` sichichiona n'komwe. Foda ya `ntchito` inali repository ya git payokha, ndipo `.gitignore` yake inali ndi mzere wa `ansible_collections/`. Ndiye collection yonse inali yobisika. Ndinalowa mu `maseva` ndi kulemba `git init`, basi. Tsopano git ikuyang'ana m'menemo, osati pamwamba paja.

Lamulo lomwe likuyenda ndi ili: `ansible-test integration nginx --docker ubuntu2204 -v`. Musagwiritse `--docker default` pa ma test oyatsa service. Container imeneyo anaikonzera mitundu ina ya ma test, ya sanity ndi unit.

Za bandulo: image ya container, yomwe Docker imakoka pa intaneti, ndi yolemera, ndipo magetsi akazima pakati pokoka, mwaluza. Kokani kamodzi pomwe intaneti ili bwino, `docker save -o` pa flash, makompyuta enawo `docker load -i`.