Kagulidwe ka zinthu zakale pa msika wa Panjiayuan ku Beijing

Msika wa Panjiayuan uli m'dera la Chaoyang, kum'mwera chakum'mawa kwa Beijing. Unayamba mu 1992 ndipo lero uli ndi ogulitsa opitirira 3,000. Kwerani sitima yapansi panthaka ya Line 10, mutsikire pa siteshoni ya Panjiayuan, mutulukire khomo B. Msika uli pafupi pomwepo.

Pitani Loweruka kapena Lamlungu, ndipo mulawire. Masiku amenewa ndi pomwe mavenda ochokera m'zigawo zakutali amayala katundu pansi: mbale ndi miphika yadothi, mikanda, mabaji a Mao (mtsogoleri wakale wa China), mabuku akale, nsalu zopeta za anthu a mtundu wa Miao, timaketulo ta tiyi ta ku Yixing. Musanachoke kwanu, lumikizani khadi la kubanki ku Alipay kapena WeChat Pay, njira zolipirira pa foni, koma mutengenso ma yuan (ndalama za ku China) ang'onoang'ono.

Ola loyamba ingozungulirani, chikwama chili chitsekere. Mudzaona mphika "wa zaka 500" womwewo pa mabenchi asanu, ndipo mudzamvetsa kuti zambiri pano n'zatsopano zongodetsedwa dala kuti zioneke zakale. Choncho lipirani kukongola kwa chinthu, nkhani ya wogulitsa ikhale basera chabe. Tengani tochi: mwala wobiriwira wa jade mukauwalitsa n'kuona timathovu tozungulira m'kati, limenelo ndi galasi.

Mbale yosachedwa kusweka musailandire m'manja mwa mwini wake. Mwambo wa ogulitsa zakale ndi woti iye aikhazike pansi, inu muinyamule nokha, kuti ikagwa pasakhale kulozana zala.

Kunenerera kumachitika pa foni: iye alemba mtengo wake, inu wanu. Funsani kuti "duoshao qian?", ndiye kuti zingati, ndipo akatchula yankhani "tai gui le", zadula kwambiri. Akati 800, yambirani pa 100 kapena 150, muzikwera pang'onopang'ono. Akauma, nyamukani, nthawi zambiri amakuitananso. Koma mukatchula mtengo iye n'kuvomera, gulani basi, chifukwa kubwerera m'mbuyo kumabweretsa mkangano. Zogulagula sizibwezedwa.

Chovuta chenicheni chimabwera mukapezadi chinthu chakale. Malamulo a China salola kuti zakale zopangidwa chisanafike chaka cha 1911 zituluke m'dzikomo, ndipo zina zopangidwa chisanafike 1949 zimafunika chilolezo ndi chidindo cha phula lofiira cha ofesi yoona zachikhalidwe. Popanda izi akhoza kukulandani pa bwalo la ndege. Minyanga ya njovu musayerekeze n'komwe, ngakhale kachibangili: China inaletsa malondawa kumapeto kwa 2017, ndipo kutsika nayo ku Lilongwe kapena ku Lusaka ndi mlandu wopita nawo kundende.

Zosachedwa kusweka zikulungeni m'zovala, muziike m'chikwama chokwera nacho m'ndege, risiti ili m'thumba.